Mutu 8: Nyanga ya Nsatsi ndi Chida Chimene Mwana Wasankha Yekha

M'chaka cha 1840, sukulu ya ana osaona ya mumzinda wa Paris, ku France, inalandira mkulu watsopano dzina lake Pierre-Armand Dufau. Sipanapite nthawi, mkuluyu analetsa timadontho.

Timadonthoto tinali ndi mbiri yake. Chiyambire, mabuku a pasukulupo ankalembedwa ndi zilembo zomwe timawerenga tonsezi, kungoti zinali zikuluzikulu ndiponso zotukuka pamwamba pa pepala kuti chala chizizimva. Kwa munthu wopenya, nzeru imeneyi inalibe chilema: mphunzitsi akuwerenga ndi maso, mwana akuwerenga ndi chala, buku ndi lomwelo. Kwa mwanayo inali ntchito yakalavulagaga. Chala chinkayenera kulondola chilembo chilichonse, kukhota kwa S, mchira wa Q, moti pofika kumapeto kwa chiganizo, chiyambi chake chinali chitathawa kale m'mutu. Mabukuwo anali olemera, odula, ndiponso owerengeka. Choipitsitsa, mwana sakanatha kulemba yekha kanthu lero n'kudzakawerenga mawa.

Louis Braille anafika pasukulupo mu 1819 ali ndi zaka 10. Anasiya kuona ali wamng'ono, atadzibaya m'diso ndi chida cha bambo ake amene ankasoka zikopa m'mudzi wa Coupvray. Ali pasukulu, iye ndi anzake anaonetsedwa kalembedwe ka munthu wina amene kale anali msilikali, Charles Barbier, kogwiritsa ntchito madontho otukuka ofika 12 pa chizindikiro chimodzi. Braille anapeza vuto limene munthu wopenya sakanalipeza: madontho 12 sakwana pansi pa nsonga ya chala, ndiye chala chimayamba chakwera, chatsika, chisanapite patsogolo. Anawadula n'kutsala 6, atatu uku atatu uku, oti chala chikangogunda kamodzi chamva chilembo chonse. Pofika 1824, ali ndi zaka 15, ntchitoyo inali itaima, ndipo mu 1829 anaisindikiza m'buku.

Ana anzake anailandira ndi manja awiri. Dufau sanali munthu wopanda maganizo: ankaona kuti kalembedwe kamene aphunzitsi openya satha kuwerenga kadzapatula ana osaona kwa anthu ena onse. Mfundo yomveka ndithu, koma yochokera kwa munthu amene sanawerengepo ndi chala. Anawo sanakangane naye. Anangopitiriza mobisa, akuluakulu akuphunzitsa ang'onoang'ono, ndipo olemba mbiri amati zida zawo zitalandidwa ankaboola mapepala ndi misomali, mafoloko ndi singano zolukira.

Ndayamba ndi nkhani yakale chonchi chifukwa funso lake silinakalambe. Lero likufunsidwa pa zinthu zina: foni, tabuleti, laputopu, mapulogalamu ophunzirira, mavidiyo a pa YouTube, magulu a pa WhatsApp, ndi makina amene ukawafunsa amayankha ngati munthu. Ndani asankhe chida chophunzirira, mwini sukulu kapena mwini mutu umene ukuphunzirawo? Aliyense amene anagwirapo khasu amadziwa mbali imodzi ya yankho. Mpini umasankhidwa ndi wolimayo, malinga ndi msinkhu wake ndi manja ake. Mwana ukampatsa khasu la bambo ake, pofika 9 koloko ali pansi pa mtengo.

Kusankha kumakoma, ndipo kukomako kumagwira ntchito

Akatswiri awiri a za maganizo a munthu a pa yunivesite ya Rochester ku America, Edward Deci ndi Richard Ryan, anathera zaka zambiri akufufuza chimene chimapangitsa munthu kugwira ntchito ndi mtima wonse popanda womuyang'anira. Mwa zinthu zitatu zimene anapeza, chimodzi n'choti munthuyo azimva kuti zimene akuchitazo ndi zake, osati zomukakamiza. Zina ziwirizo ndi kumva kuti akutha, ndi kumva kuti ali pamodzi ndi anzake.

Chodabwitsa ndi kuchepa kwa ufulu umene umafunika. Mu 1996, Diana Cordova ndi Mark Lepper anapatsa ana a pulayimale sewero la pa kompyuta lophunzitsa masamu. Ana ena anangolandira sewerolo mmene linalili. Ena analoledwa kusankha tinthu tosakhudzana n'komwe ndi masamuwo, monga dzina la chombo chawo cha m'mlengalenga ndi kachithunzi koimira iwowo. Masamu anali omwewo kwa onse. Koma patapita mlungu, ana amene anasankha tinthu topanda paketo ndi amene anakhoza bwino mayeso, ndipo ankafuna kusewerabe.

Lepper yemweyo, pamodzi ndi Sheena Iyengar, anaonetsanso malire ake. Ophunzira a pa yunivesite ya Stanford anauzidwa kuti amene akufuna malikisi owonjezera alembe chimangirizo. Ena anapatsidwa mitu 6 yoti asankhepo, ena mitu 30. Mwa amene anali ndi mitu 6, analemba ndi 74 pa 100 alionse. Mwa amene anali ndi mitu 30, analemba ndi 60 okha, ndipo zolemba zawozo zinali zotsikirapo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tsono taganizani za mwana wa Fomu 2 amene watsegula foni n'kupeza mapulogalamu a masamu osawerengeka, iliyonse ikudzitama kuti ndiyo yabwino.

Awiriwa anachitanso kafukufuku wina mu 1999 amene ine ndimamukonda, chifukwa amatikumbutsa kuti nkhani ya kusankha si yofanana kulikonse. Ku San Francisco anapatsa ana a zaka 7 mpaka 9 ntchito yosanja zilembo kuti zipange mawu. Ena anasankha okha mtundu wa mawuwo, ena anasankhiridwa ndi munthu wachilendo, ena anauzidwa kuti amayi awo ndi amene awasankhira. Ana a mabanja achizungu anachita bwino kwambiri pamene anasankha okha. Ana a mabanja ochokera ku China ndi ku Japan anachita bwino kwambiri pamene anamva kuti asankha ndi amayi. Magulu onse awiri anachita mphwayi pamene wosankhayo anali mlendo. Mwana wa kwathu kuno amene anakula akumva kuti mawu a akulu akoma akagonera sangaone ngati wachitidwa chipongwe mphunzitsi amene amamukhulupirira akamuuza kuti, “Iwe, yamba ndi ichi.” Chimene mwana aliyense amakana n'kusankhiridwa ndi munthu amene sakumudziwa n'komwe.

Chitsanzo chachikulu cha kusankhiridwa ndi mlendo chinachitika ku Los Angeles mu 2013. Akuluakulu a sukulu za boma mumzindawo, motsogozedwa ndi John Deasy, anaganiza zogulira iPad wophunzira aliyense, ana oposa 600,000, pa ndalama pafupifupi madola 1.3 biliyoni. Chida chimodzi, kampani imodzi, maphunziro ake okonzedwa ndi kampani ya Pearson, zonse zotsekedwa kuti mwana asapite kwina. Pa sukulu ya Roosevelt High, mlungu usanathe, ana pafupifupi 300 anali atapeza kale njira yochotsera loko. Maphunziro a m'katimo nawo anapezeka kuti anali osamaliza. Deasy anatula pansi udindo mu Okutobala 2014 ndipo ntchito yonseyo inafera m'mazira.

Okonda ufulu wa ophunzira amaikonda nkhaniyi, ndipo amaithera pomwepa. Koma pali funso limene amalilumpha. Anawo atathyola loko, anapita kuti? Anapita pa Facebook, pa YouTube, ndi kukamvera nyimbo.

Chikomekome cha mkuyu

Apa m'pamene nkhani imavutira, ndipo m'pofunika kukhalitsapo.

Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a pa Washington University ku St. Louis anapatsa ophunzira kankhani kafupi koti akaphunzire. Gulu lina linawerenga kankhaniko mobwerezabwereza m'magawo anayi a nthawi. Gulu lina linawerenga m'gawo limodzi lokha, ndipo m'magawo atatu otsalawo linalandidwa pepala n'kuuzidwa kuti lilembe zonse zimene likukumbukira. Atayesedwa patangopita mphindi zisanu, obwereza kuwerenga aja ndi amene anapambana. Atafunsidwa kuti akuona ngati adzakumbukira bwanji mlungu wamawa, iwo omwewo ndi amene anadzidalira kwambiri. Mlungu utatha zinthu zinatembenuka: obwereza kuwerenga anakumbukira 40 pa mfundo 100 zilizonse, odziyesa aja anakumbukira 61.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ukawerenga tsamba kachinayi, maso amangotsetsereka, mawu onse akuoneka odziwika, ndipo mtima umati, “Izi ndazigwira.” Komatu kuzindikira chinthu chili pamaso n'kosiyana ndi kuchitulutsa m'mutu chitachotsedwa. Aliyense amene anakhalapo m'chipinda cha mayeso a MANEB akukumbukira mtundu wa chikuto cha kope lake, ngakhale mbali ya tsamba imene yankho linalembedwa, koma yankho lenilenilo osabwera, akudziwa zimene ndikunena. Kudziyesa kumawawa, kumakuonetsa umbuli wako, ndiye munthu amakuthawa. Kuwerenga mobwereza kumatonthoza.

Zoterezi si za ophunzira ofooka okha. Mu 2019, Louis Deslauriers ndi anzake anayesa ophunzira a fizikisi pa yunivesite ya Harvard. Tsiku lina ankaphunzitsidwa ndi katswiri wodziwa kulongosola, iwo atangokhala n'kumamvetsera. Tsiku lina ankapatsidwa mafunso kuti alimbane nawo okha m'timagulu asanauzidwe njira yake. Atafunsidwa, anati aphunzira zambiri kwa katswiri wolongosola uja. Mayeso anaonetsa kuti anaphunzira zambiri tsiku limene anavutika.

Tsono ikani mfundo imeneyi pafupi ndi msika wa mapulogalamu. Wopanga pulogalamu amapeza ndalama munthu akamabwerabwera, ndipo munthu amabwerera kumene kwamukomera. Vidiyo ya mphunzitsi wa mawu okoma amene akusova samu mwaukhondo imapatsa woonera mtima womwe uja wa ophunzira a ku Harvard: zonse zikumveka, mpaka utatseka foni n'kutenga pensulo. Mwana akasiyidwa kuti asankhe potsata kukoma, kawirikawiri adzasankha chida chimene chimamunamiza bwino koposa. Si kupusa kwake. Akulu omwe timatero.

Pali chikhulupiriro china chofala m'masukulu ambiri, choti mwana aliyense ali ndi njira yakeyake yobadwa nayo, wina wophunzira poona, wina pomva, wina pogwira, ndipo kuti akapatsidwa chida chogwirizana ndi njira yakeyo adzakhoza. Mu 2008 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Harold Pashler linafufuza umboni wa zimenezi ndipo silinapeze wokhutiritsa. Anthu ali nazo ndithu njira zimene amakonda, koma chimene chimalamula kwambiri ndi phunzirolo: mapu amafuna maso, katchulidwe ka mawu a chinenero kamafuna khutu, ndipo kumezanitsa mitengo kumafuna manja, kaya wophunzirayo amakonda chiyani.

Nanga chida chikakhala kuti chili ndi zitseko zambiri? Pa sukulu ya asilikali ya West Point ku America, kumene mwambo ndi wokhwima ndipo malikisi amakhudza tsogolo la munthu pa ntchito, anachita maere pa makalasi a phunziro la zachuma: ena analoledwa laputopu ndi tabuleti, ena ayi. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2016 zinaonetsa kuti makalasi ololedwa aja anapeza malikisi otsikirapo. Ku Canada, mu 2013, Faria Sana ndi anzake anapeza chinthu china chowawa: wophunzira amene akuyendayenda pa laputopu yake m'kalasi samangodzipweteka yekha, amatsitsanso malikisi a mnzake wokhala kumbuyo amene akuona sikiriniyo. Kusankha kwa mmodzi kumalipiridwa ndi woyandikana naye.

Makina oyankha ngati munthu afika nalo vutoli pachimake. ChatGPT inatuluka pa 30 Novembala 2022. Sukulu za boma za ku New York zinailetsa mu Januwale 2023, n'kuchotsanso chiletsocho mu Meyi chaka chomwecho, zimene zikuonetsa mmene akuluakulu omwe anasokonezekera. Hamsa Bastani ndi anzake a pa yunivesite ya Pennsylvania anakayesa nkhaniyi pa ophunzira a sekondale pafupifupi 1,000 ku Turkey. Ena ankachita masamu oyeserera ndi makina ongoyankha chilichonse, ena ndi makina omwewo koma okonzedwa kuti azingolozera njira osapereka yankho, ena ndi mabuku ndi manotsi basi. Pa nthawi yoyeserera, a makina ongoyankha anaposa a mabuku ndi 48 pa 100. Makinawo atachotsedwa n'kubwera mayeso enieni, anatsika kuposa a mabuku ndi 17 pa 100. A makina olozera njira aja sanatsike chotero. Ambiri a gulu loyamba ankangofunsa yankho n'kukopera, ndipo sankaona kuti pali chimene akutaya. Mkuyu unali wofiira bwino kunja.

M'mbuyomo kunali anthu amene ankakhulupirira kuti chida chokha n'chokwanira, mwana adzadzipezera njira. Sugata Mitra anaika kompyuta m'chiboo cha khoma ku Kalkaji, mumzinda wa New Delhi, mu 1999, ndipo ana a m'makwalala anadziphunzitsa kuigwiritsa ntchito popanda wowauza. Zinali zoona, ndipo zinamupezetsa mphoto ya TED ya madola 1 miliyoni mu 2013. Koma kudziwa kuyendetsa kompyuta si kudziwa kugawa manambala. Dziko la Peru linagawa malaputopu mazanamazana a zikwi a bungwe la One Laptop per Child, ndipo kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa mu 2012, m'sukulu 319 za kumidzi, anapeza kuti anawo anaidziwadi kompyuta, koma masamu ndi kuwerenga sizinasunthe.

Kusankha pakati pa chiyani ndi chiyani?

M'maiko olemera muli sukulu zimene zimati mwana aliyense azibwera ndi chida chake cha kunyumba. Sukulu imapulumutsa ndalama, mwana amagwiritsa ntchito chimene anazolowera. Maiko ena alowera kwina: France inaletsa mafoni m'sukulu za ana osapitirira zaka 15 mu 2018, ndipo Netherlands inawachotsa m'makalasi a sekondale kuyambira Januwale 2024. Umboni umene umatchulidwa kawirikawiri ndi wa Louis-Philippe Beland ndi Richard Murphy, amene mu 2015 anaunika sukulu za ku Birmingham, London, Leicester ndi Manchester. Sukulu zitaletsa mafoni malikisi anakwera, koma osati mofanana. Ana anzeru kale sanasinthe kwenikweni. Amene anapindula anali otsalira m'mbuyo. Kunena kwina, ufulu wa foni unkadyera mwana amene anali kale pamavuto.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi nkhope ina. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mwana aliyense anasiyidwadi kuti adzisankhire chida, ndipo tinaona tanthauzo lake. Wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa anali ndi laputopu ndi intaneti. Wina anali ndi foni imodzi ya banja lonse, imene bambo amapita nayo ku geni m'mawa n'kubwera nayo madzulo batire itatha, yokatchajitsa pa sitolo ya sola ndi ndalama, bandulo yake yogula ya tsiku limodzi. Wina anali ndi wailesi, kumamvera maphunziro a pa MBC ngati mabatire alipo. Ambiri analibe chilichonse, ndipo atsikana ochuluka sanabwererenso m'kalasi. Kuuza kalasi yotere kuti aliyense abwere ndi chida chimene akufuna n'chimodzimodzi kuuza ana kuti aliyense aonetse chuma cha kwawo pa desiki. Yunifolomu inabwera kudzabisa zimenezo.

Ndiye ngati sukulu ikufuna kuti ana asankhe, iyambe yaika pa tebulo zinthu zosankhazo. Ndipo mndandandawo usakhale wa zamagetsi zokha. Wailesi ndi chida: pulogalamu ya Tikwere inaphunzitsa ana a makalasi oyambirira m'dziko lonse lino kudzera pa wailesi zoyendera dzuwa ndi zopukusa. Buku ndi chida. Timakadi todula ku katoni, funso kutsogolo yankho kumbuyo, timachita ntchito yomwe ija ya Roediger ndi Karpicke popanda bandulo. Bwalo la anzako anayi pansi pa mtengo wa mango, kufunsana mafunso a mayeso a zaka zapita, ndi chida chimene chakhozetsa anthu ambiri MSCE kuposa pulogalamu ina iliyonse imene ndikuidziwa.

Msinkhu nawo uli ndi mawu. Mu 2013, pa sukulu ya pulayimale ya Biwi ku Lilongwe, bungwe la onebillion mothandizana ndi VSO linayesa matabuleti ophunzitsa masamu m'Chichewa. Nicola Pitchford wa pa yunivesite ya Nottingham anayeza ana a Sitandade 1 mpaka 3 amene anawagwiritsa ntchito theka la ola patsiku kwa milungu 8, ndipo anapeza kuti anaposa anzawo. Ntchito imeneyi ndi imene inakula n'kukhala BEFIT, imene boma linayamba kufalitsa m'sukulu za pulayimale mu 2023. Chofunika kuona n'choti mwana wa pa tabuleti imeneyi sasankha pulogalamu, sangapite pa intaneti, sangatsegule china. Chimene ali nacho ndi liwiro lake: wachangu amapita patsogolo, wochedwa amabwereza popanda womuseka, zimene mphunzitsi mmodzi wa ana 100 sangathe kupereka. Kwa mwana wa zaka 7, ufulu umenewo ndi waukulu kale. Wa Fomu 4 amafunika woposa pamenepo, ndipo wa ku koleji akamasankhiridwabe chilichonse ndiye kuti china chake chinalakwika m'mbuyo.

Nthawi zina nzeru ndi kutsatira ana kumene apita kale. Ku South Africa, mu 2007, achinyamata ambiri ankacheza pa MXit, njira yotumizirana mauthenga yotchipa kwambiri imene inkagwira ngakhale pa foni za mabatani. Makolo ndi aphunzitsi ankaida. Laurie Butgereit wa ku bungwe la kafukufuku la CSIR anaikapo Dr Math: mwana akakanika samu ya homuweki ankalemba uthenga, ndipo wophunzira wa pa yunivesite ya Pretoria ankamuthandiza sitepe ndi sitepe, osamupatsa yankho. Chida anasankha ndi ana, kaphunzitsidwe anasankha ndi akulu. Magulu a WhatsApp a ophunzira athu akhoza kugwira ntchito yomweyo, ngakhale tikudziwanso mbali yake ina: mayeso a MSCE a 2020 anathetsedwa ali m'kati mapepala atabedwa n'kufalikira pa mafoni, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa, analembanso mu Januwale 2021.

Pali mtengo winanso wobisika umene mwana sangauone. Bungwe la Human Rights Watch linaunika mu 2022 mapulogalamu ophunzirira oposa 160 amene maboma 49 anavomereza pa nthawi ya mliri, ndipo linapeza kuti 89 pa 100 alionse ankatha kutolera kapena kutumiza kwina mbiri ya ana, kawirikawiri ku makampani otsatsa malonda. Ngati maboma anapusitsidwa, mwana wa zaka 14 amene akungodina kuti wavomera sangayembekezeredwe kuchita bwino kuposa iwo. Kusefa kotereku ndi ntchito ya akulu.

Babu la ku Wimbe

Tsono n'chifukwa chiyani ana a ku Paris anasankha bwino, a ku Turkey n'kusankha molakwika? Sindikhulupirira kuti ana akale anali ochenjera kuposa a lero.

William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, anasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, makolo ake atasowa fizi. Ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale, kumene anapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina a mphepo pachikuto. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankadalira kwambiri zithunzi ndi zojambula za m'mabukuwo. Palibe anamusankhira. Ndi mitengo ya bulugamu, njinga yakutha ya bambo ake, dayinamo, ndi zitsulo zotola kudzala, anamanga makina amene anayatsa babu kunyumba kwawo ali ndi zaka 14. Intaneti anadzaiona koyamba mu 2007, ku msonkhano wa TED ku Arusha.

Kamkwamba anali ndi chinthu chimene wophunzira wa ku Turkey uja analibe: woweruza wosanama, woyankha msanga. Ngati wamva molakwika chojambula cha m'buku, babu siliyaka. Sakanatha kudzinamiza kuti wamvetsa. Mwana wosaona wa ku Paris nayenso anali ndi woweruza wake: zimene walemba dzulo, chala chikuziwerenga lero kapena ayi. N'chimodzimodzi lero wophunzira wa ku Chilanga ku Kasungu kapena ku Lulwe ku Nsanje akamasankha pakati pa pepala la timadontho ndi pulogalamu yowerenga mokweza zimene zili pa kompyuta, monga NVDA, imene anaipanga ndi anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh, n'kuipereka ulere. Pa zinthu zotere mawu a mwini thupi ndiwo omaliza, chifukwa chida chikakanika amadziwa nthawi yomweyo. Amadziwanso yekha ngati kwawo kuli magetsi, ngati foni imapezeka usiku, ngati maso amamuwawa akayang'ana sikirini. Mphunzitsi sangamuuze zimenezo.

Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Mwambiwu umagwira ntchito chifukwa nsatsi sichedwa kufota: mawa lomwe mwana waona yekha, ndipo chimene wataya ndi kamtengo chabe. Vuto la sukulu n'loti nyanga yake imafota mochedwa. Mwana akhoza kuonera mavidiyo zaka ziwiri akumva kukoma, nyangayo n'kudzamufotera m'manja ali m'chipinda cha mayeso a Fomu 4, pamene palibenso nthawi yosema ina. Apa ndi pamene ine ndimaona ntchito ya mphunzitsi: asalande nyangayo, koma afulumizitse kufota kwake.

Zimatheka popanda ndalama. Mphunzitsi wa bayoloje wa Fomu 3 akhoza kunena kuti mutu wa kagayidwe ka chakudya aliyense auphunzire ndi chimene akufuna mwa zinthu zitatu kapena zinayi zimene zilipo pasukulupo: vidiyo, buku ndi manotsi, timakadi, kapena gulu lofunsana. Aliyense alembe pa kapepala chida chimene wasankha ndi malikisi amene akuganiza kuti apeza. Pakatha milungu iwiri, osati mawa lake, abwere mayeso aafupi, mabuku atatsekedwa, mafoni ali m'thumba, malikisi ake osalowa pa lipoti. Mutu wotsatira aliyense asinthe chida. Teremu ikamatha mwana ali ndi timapepala take tinayi kapena tisanu, tosonyeza chimene ankayembekezera ndi chimene anapeza. Wina adzaona kuti vidiyo imamuthandiza kumva chinthu koyamba koma siimusungira. Wina adzapeza kuti gulu lake limangocheza. Wina adzadabwa kuti timakadi ta katoni tamuposera foni. Zolinga za phunziro ndi mayeso zatsala m'manja mwa mphunzitsi, njira yapita kwa mwana, ndipo mwanayo waphunzira kukayikira kukoma, luso limene adzalifune moyo wake wonse popeza zida zimene adzagwiritse ntchito ali ndi zaka 40 sizinapangidwe n'komwe.

Kunena zoona, n'zotopetsa kwa mphunzitsi. Kalasi ya chida chimodzi ndi yosavuta kuyendetsa, ndipo mphunzitsi amene ali ndi makalasi asanu a ana 80 ali ndi chifukwa chomveka chokanira. Dufau nayenso anali ndi zifukwa zomveka.

Chimene chinamutembenuza chinali wachiwiri wake, Joseph Guadet, amene anakhala akuona zimene ana ankachita mobisa. Mu Febuluwale 1844, pa mwambo wotsegulira nyumba yatsopano ya sukuluyo, pamaso pa alendo ambiri, Guadet anafotokoza za timadontho tija, kenaka anaitana ana. Mmodzi anatulutsidwa kunja. Wina anakhala pansi n'kuboola pa pepala mawu amene mlendo wina anamutchulira pomwepo. Wakunja uja anaitanidwa, anapatsidwa pepalalo, anayendetsa chala, ndipo anawerenga mawu onse. Kuyambira pamenepo timadontho tinaloledwanso pasukulupo. Chivomerezo chenicheni cha akuluakulu chinabwera mu 1854, Louis Braille atamwalira kale ndi chifuwa chachikulu zaka ziwiri m'mbuyomo, ali ndi zaka 43.